Ana agalu obadwira ntchito: ngongole ili kwa yani?

Mu 1893, ku Northumberland, kumpoto kwa England kufupi ndi malire a Scotland, mbusa wa nkhosa dzina lake Adam Telfer anali ndi agalu awiri, aliyense ndi chofooka chake. Roy, wamphongo, anali wofatsa ndi womvera, koma diso lake silinkaopsa nkhosa. Meg, wamkazi wakuda, diso lake linali lamphamvu mopitirira muyeso: akayang'anitsitsa nkhosa ankangouma pamalo amodzi, ntchito n'kuima. Telfer anawakweretsa dala, poyembekezera kuti chosowa mwa uyu chikapezeka mwa uyo. Mu Seputembala chaka chomwecho Meg anaswa, ndipo mmodzi mwa anawo anamutcha Hemp.

Agalu ambiri oweta nkhosa masiku amenewo ankagwira ntchito mwaphokoso, kuuwa uku akuthamangathamanga. Hemp sankauwa. Ankatsitsa mutu, mimba pafupi ndi nthaka, n'kumawenderera nkhosa mwakachetechete, ndipo nkhosazo zinkalowera kumene iye wafuna. Abusa anzake a Telfer anayamba kubwera ndi agalu awo aakazi kuchokera kutali. Pomwe Hemp ankafa mu 1901 akuti anali atabereka ana oposa 200, ndipo lero oweta agalu a mtundu wa Border Collie padziko lonse amatchula iyeyo kuti ndiye kholo la mtunduwo.

Okonda agalu amaikamba nkhaniyi monyadira, ndipo m'pomveka. Koma ili ndi funso lolemera limene nthawi zambiri amalilumpha. Galu ameneyu Telfer sanamutole panjira; anamulinganiza asanabadwe. Anasankhiratu chimene cholengedwa china chidzalakalake moyo wake wonse. Kodi munthu, amene naye ndi cholengedwa, ali ndi ufulu wotero? Ngati ali nawo, watenga ngongole yanji, ndipo kwa yani: kwa Hemp yekha, kapena ndi kwa abale ake a bere limodzi omwe palibe amawakumbukira?

Poyamba m'pofunika kudziwa chimene woweta agalu antchito amasankha kwenikweni. Raymond Coppinger, katswiri wa zamoyo wa ku Hampshire College ku America, yemwe anafufuza agalu oterewa zaka zambiri pamodzi ndi mkazi wake Lorna, anafotokoza kuti mmbulu ukamasaka umatsata masitepe odziwika: kuona nyama, kuiyang'anitsitsa, kuiwenderera, kuithamangitsa, kuigwira ndi mano, kuipha, kenako kuing'amba. Zimene anthu achita pa mibadwo yambiri ya agalu ndi kukulitsa masitepe ena, ena n'kuwafooketsa. Mwa Border Collie diso, kuwenderera ndi kuthamangitsa zinakula kwambiri, pomwe kupha kunazilala. Mwa agalu otolera mbalame zimene mlenje wawombera, chinakula ndi kunyamula ndi pakamwa mosaphwanya. Mwa agalu akuluakulu olondera ziweto a ku Turkey, pafupifupi masitepe onsewo anagonekedwa, n'chifukwa chake mbuzi ikathamanga pafupi nawo magazi sawawira.

Palibe mbusa amene amaphunzitsa mwana wa Border Collie kuyang'anitsitsa nkhosa. Zimangotulukira zokha tsiku lina, kagaluko kakadali ndi miyezi yochepa: kamaona nkhuku kapena nkhosa, n'kuima chilili, khosi kutsogolo, mwendo umodzi m'mwamba. Mbusa amangowonjezerapo likhweru, loti uku n'kumanja, uku n'kumanzere, apa gona. Ndipo galuyo sachita zimenezi pofuna nyama kapena fupa. Malipiro ake ali m'ntchito momwemo. Ndiye kuti chimene woweta wabweretsa padziko ndi chilakolako, njala yomwe siitha ndi chakudya. Funso lonse lagona pamenepa.

Anthu oganiza mozama ayankha mosiyanasiyana. Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200, anaphunzitsa kuti zolengedwa zopanda nzeru za umunthu zinaikidwa kuti zitumikire munthu, ndipo kuti nkhanza kwa nyama n'zoletsedwa makamaka chifukwa zimazoloweretsa mtima kuchitira nkhanza anthu. Immanuel Kant, m'zaka za m'ma 1700, anapereka chitsanzo cha galu weniweni: munthu amene wawombera galu wake wokalamba chifukwa sangathenso kumutumikira. Kwa Kant, munthu ameneyu sanalakwire galuyo, pakuti galu sangaweruze kanthu, koma wawononga umunthu umene uli mwa iye mwini. Kumbali ina kuli Gary Francione, mphunzitsi wa malamulo ku Rutgers University m'masiku athu ano, amene amati nyama zoweta zomwe zilipo kale tizisamale mpaka imfa yake, koma tileke kubweretsa zina, chifukwa cholengedwa chimene chapangidwa kuti chizidalira munthu pa chilichonse ndi kapolo ngakhale atachikonda chotani.

Mayankho onse atatuwa amasiya kanthu kena panja. Aquinas ndi Kant amaika mlandu wonse mumtima mwa munthu, ngati kuti galu amene akumva ululuyo palibepo. Francione amamuona galuyo, koma njira yake yomupulumutsira ndi yakuti asabadwe n'komwe. Amene anaonapo Border Collie akutsika phiri ndi nkhosa mazana kutsogolo kwake, lilime panja, maso akuwala, savomera msanga kuti moyo umenewo ukanakhala bwino kusakhalapo.

Malemba achipembedzo amadutsa pakati, ndipo njira yawo ndi yovutirapo kuitsata. Buku la Genesis limapatsa munthu ulamuliro pa zamoyo m'chaputala choyamba, koma m'chachiwiri limamuika m'munda kuti aulime ndi kuusamala. M'chaputala 30 Yakobo akuoneka akusankha ziweto zamphamvu za Labani pa nthawi yokwerana, ndipo nkhaniyo siimudzudzula chifukwa chosankha. Chilamulo cha Mose sichiletsa kugwiritsa ng'ombe ntchito, koma chimaletsa kuimanga pakamwa ikamapuntha tirigu, ndipo mpumulo wa Sabata chimaupereka kwa ng'ombe ndi bulu yemwe. Tanthauzo lake n'lakuti nyama yogwira ntchito ili ndi gawo lake m'ntchitoyo, gawo limene mwini wake sangalibweze mmene wafunira. Galu m'Baibulo satchulidwa mwaulemu kawirikawiri, komabe Yobu, pokumbukira chuma chake, amatchula agalu olondera nkhosa zake.

Chisilamu chimanena za galu wantchito mwachindunji. Sura yachisanu ya Korani imalola kudya nyama yogwidwa ndi zilombo zosakira zophunzitsidwa, ndipo imati luso loziphunzitsalo ndi gawo la zimene Mulungu anaphunzitsa anthu. M'mahadisi, kusunga galu popanda chifukwa kumachepetsa mphotho ya munthu, kupatula galu wolondera ziweto, wosakira, kapena wolondera munda. N'zochititsa chidwi kuti zimenezi zikutembenuza maganizo ofala m'mizinda ya ku Ulaya ndi America lero, kumene galu wongokhala pampando amaonedwa ngati wosamalidwa bwino, pomwe wogwira ntchito amamumvera chisoni. Kwa makolo a zikhulupiriro zimenezi, chofuna kufotokozedwa chinali galu wopanda ntchito.

Tsono chilolezo chilipo. Koma kukula kwa ngongole yake kumaoneka bwino munthu akagwada pafupi ndi bokosi limene galu waswera.

Bere la galu limatenga masiku pafupifupi 63. Kukatsala tsiku limodzi kutentha kwa thupi lake kumatsika, amakana chakudya, amayamba kukanda pogona pake n'kumapuma mwawefuwefu. Mwana aliyense amatuluka ali m'kathumba. Mayi amakang'amba ndi mano, amadula mchombo, n'kumamunyambita mwamphamvu mpaka atalira. Kamwana ka Border Collie sikakwana ndi theka la kilogalamu lomwe. Maso ndi otseka, makutu ndi otseka. Sikangathe kudzitenthetsa kokha, ndipo sikangakodze kapena kuchita chimbudzi mayi asanakanyambite kumimba. Mkaka woyamba uja, wokhuthala, uyenera kulowa m'mimba tsiku loyamba lisanathe, chifukwa pambuyo pake matumbo amaleka kulandira chitetezo chimene chili m'menemo. Woweta wosamala amagona pafupi masiku oyambawo, khutu lili tcheru, popeza mayi wotopa amatha kugonera mwana n'kumupha osadziwa. M'mawa uliwonse amayeza kamodzikamodzi pa sikelo ya kukhitchini n'kulemba m'kope. Kamene sikakukwera sikelo amakaika kubere lakumbuyo, komwe kumachuluka mkaka, n'kutchinga anzake amphamvu ndi dzanja mpaka katakhuta.

Maso amatseguka pakati pa masiku 10 ndi 14. Mankhwala a njoka zam'mimba amayamba pa masabata awiri, chifukwa njokazo zimalowa mwa ana akadali m'mimba mwa mayi. Sabata lachitatu amayamba kuyenda modzandira, mano akutuluka, n'kuyamba kunyambita phala. Katemera woyamba amabwera pa masabata 6 mpaka 8, ndipo womuopa kwambiri ndi matenda otsekula m'mimba a parvo, omwe anabuka mu 1978 n'kupulula agalu m'mayiko ambiri.

Zonsezi ndi zathupi. Chachikulu chimachitika m'mutu mwa kagaluko, ndipo nthawi yake ndi yaifupi modabwitsa. John Paul Scott ndi John Fuller anakhala zaka 13 ku Jackson Laboratory, ku Bar Harbor m'chigawo cha Maine, akulera ndi kuyeza ana a mitundu isanu ya agalu, ndipo buku lawo la 1965 linasonyeza kuti kuyambira sabata lachitatu mpaka cha m'ma 12 ndi pamene mwana wa galu amaphunzira kuti ake ndani, achilendo ndani. Pa kafukufuku wina wa pamalo omwewo, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 1961, ana agalu anasiyidwa ndi amayi awo m'minda yotchingidwa popanda kuonana ndi munthu. Amene anatengedwa kukazolowera anthu ali ndi masabata asanu kapena asanu ndi awiri anakula omasuka. Amene anasiyidwa mpaka masabata 14 ankathawa munthu ngati nyama zam'tchire, ndipo kuwaweta kunakanika. Magazi anali amodzimodzi. M'mera m'poyamba, ndipo kwa galu poyambapo pamatha miyezi itatu isanakwane bwino.

Mu 2017 Emily Bray ndi anzake anafalitsa zimene anapeza ku The Seeing Eye, sukulu ya agalu otsogolera anthu osaona ku New Jersey. Anatsatira ana agalu 98 ndi amayi awo. Chodabwitsa chinali chakuti ana a amayi osasatitsa kwambiri, aja osachoka m'bokosi, onyambita nthawi zonse, ndi amene ambiri analephera maphunziro atakula. Ana omwe ankayamwa mayi ali chokhala kapena choimirira, moti ankafunika kuvutikira bere, anachita bwino kuposa omwe ankayamwa mayi atagona pansi. Tinthu tating'ono chonchi, tochitika galu asanadziwe ndi dzina lake lomwe, timakasankha ngati adzawolotse munthu msewu kapena ayi.

Mphamvu ya woweta imaonekera poyera ku Namibia. Alimi a kumeneko ankawombera nyama yaliwiro ija yotchedwa cheetah chifukwa chogwira mbuzi ndi ana a ng'ombe. Mu 1994 bungwe la Cheetah Conservation Fund, lomwe Laurie Marker anayambitsa ndipo lili pafupi ndi Otjiwarongo, linayamba kuswetsa agalu olondera ziweto a ku Turkey, a mitundu ya Anatolian Shepherd ndi Kangal, n'kumawapereka kwa alimi. Ana agaluwo amakulira pafupi ndi khola la mbuzi, fungo la mbuzi lili m'mphuno kuyambira ali aang'ono. Akakwana miyezi iwiri kapena itatu amapita ku famu, ndipo mlimi amalangizidwa kuti kagaluko kazigona m'khola, osati pakhonde, ndipo ana a pakhomo asamakatenge kukasewera nako. Kakakula kamapita kubusa limodzi ndi gulu. Chilombo chikayandikira, galuyo amaima pakati n'kuuwa ndi mawu aakulu, ndipo cheetah, yemwe moyo wake wonse uli m'miyendo yopyapyala, salimba mtima kumenyana naye. Mbuzi zimapulumuka, mlimi amasiya mfuti, cheetah nayenso amapulumuka.

Ndi ntchito yabwino, ndipo palibe chifukwa choichepetsera. Koma taonani chimene chachitika. Munthu wasankhira galu amene adzamuyese m'bale wake. Galu ameneyu adzafera mbuzi, adzadana ndi nkhandwe yomwe ndi msuweni wake mwachibadwa, chifukwa choti wina anamugoneka m'khola pa masabata oyenera. Mphamvu yoika chikondi mumtima mwa cholengedwa china ndi imene okhulupirira amati ndi ya Mulungu. Munthu akaigwira m'manja, ngakhale pang'ono chabe, ayenera kunjenjemera.

Apa wotsutsa ali ndi mfundo yeniyeni. Oweta amakonda kunena kuti agalu awo amaikonda ntchito. Inde amaikonda, koma amene anawapanga kuti aikonde ndi oweta omwewo. Chimwemwe chochita kudzala sichingakhale umboni wakuti galuyo anavomera. Mfundoyi ndi yoona ndipo siyenera kuzembedwa. Komabe palibe cholengedwa chimene chinasankha chibadwa chake. Mmbulu sunavomere kukhala mmbulu, ndipo mwana wa munthu sasankha makolo kapena chinenero chimene adzalotere. Kuvomera si muyeso umene ungagwire ntchito pa kubadwa. Muyeso wina ulipo, ndipo ndi wakale. Aristotle ankati chamoyo chilichonse chili ndi ntchito yogwirizana ndi chibadwa chake, ndipo ubwino wake uli pa kuikwaniritsa. Bernard Rollin, yemwe anaphunzitsa madokotala a ziweto za chikhalidwe choyenera ku Colorado State University kwa zaka zambiri, anatenga ganizo limeneli n'kunena kuti kuweta kwachikale kunali pangano: munthu amaika nyama pamalo pamene chibadwa chake chingakwaniritsidwe, n'kuwonjezerapo chakudya, chitetezo ndi mankhwala, nyamayo n'kumupatsa ntchito yake.

Pa muyeso umenewu woweta ali ndi mafunso awiri oti ayankhe. Chibadwa chimene wachiumba chikumupweteka mwini wake kapena ayi? Nanga njala imene wadzala, wakonza poti idzakhutire?

Funso loyamba lili ndi mbiri yowawa. Mu 1899 Max von Stephanitz anagula galu pa chionetsero ku Karlsruhe, namutcha Horand von Grafrath, n'kumulemba woyamba m'kaundula wa mtundu wa German Shepherd. Moyo wake wonse ankalimbikira kuti galu ameneyu aziyezedwa ndi ntchito. Patapita zaka zana, m'mizere ina yoswetsedwera zionetsero munatuluka agalu a msana wotsetsereka ndi miyendo yakumbuyo yogwedera, moti galu wina wotere atapambana pakati pa agalu a mtundu wake pa chionetsero cha Crufts mu 2016 anthu ambiri ku Britain anadandaula poyera. Palibe mbusa amene akanasankha miyendo imeneyo, chifukwa phiri likanamutsutsa tsiku lomwelo. Ntchito, imene ena amaiyesa goli, ndiyo inkateteza thupi la galu ku zokonda za maso a anthu.

Abusa a Border Collie anaziona zimenezi zikubwera. Bungwe lawo la International Sheep Dog Society, lokhazikitsidwa mu 1906, silifunsa kuti galu ndi wamtundu wanji wa ubweya kapena makutu ake aima bwanji. Galu wopanda mapepala akhoza kulembedwa m'kaundula akasonyeza luso pa nkhosa. American Kennel Club itavomereza mtunduwu kulowa m'zionetsero za maonekedwe mu 1995, abusa ambiri a ku America anakana kwamtuwagalu, ndipo kaundula wawo amachotsa galu amene wapata ulemu wa ukatswiri pa zionetsero zoterozo. Koma nawonso abusa sali oyera. Galu wotchedwa Wiston Cap, yemwe anapambana mpikisano waukulu wa International Sheep Dog Society mu 1965 asanakwane zaka ziwiri, anakweretsedwa kwa agalu aakazi ochuluka kwambiri moti magazi ake ali pafupifupi paliponse mumtunduwu. Aliyense akathamangira mphongo imodzi, zofooka zobisika zimakumana mwa zidzukulu. Masiku ano matenda ena a maso ndi a m'magazi amadziwika poyeza DNA, ndipo chiuno chimajambulidwa galu asanakweretsedwe. Woweta amene angathe kuyeza koma osayeza sanganene kuti mwana wakhunguyo ndi chifuniro cha Mulungu.

Funso lachiwiri ndi limene limagwetsa anthu ambiri a mtima wabwino. Mwana wa Border Collie ndi wokongola, ndipo amagulidwa msanga ndi banja la m'tauni lomwe silinaonepo nkhosa pafupi. Pakatha miyezi isanu ndi itatu diso lija limadzuka, koma loti aliyang'ane palibe. Galu amayamba kuwenderera ana, kuluma zidendene za othamanga, kulondola matayala a galimoto. Ena amakhala maola akuyang'anitsitsa chithunzithunzi pakhoma. Eni ake amati galu wapenga, n'kukamusiya kumalo osungira agalu osowa kwawo. Galuyo sanapenge. Akuchita chimene Telfer ndi omutsatira anamukonzera kwa zaka zoposa zana, ndipo amene anamugulitsa ankadziwa.

Zofanana ndi zimenezi zimaonekanso m'mizinda ya kwathu kuno, kumene German Shepherd ndi Boerboel amaswetsedwa kuseri kwa nyumba n'kugulitsidwa ali aang'ono kwambiri kuti akalondere mipanda. Ambiri amatsekeredwa m'kakhola kamdima usana wonse, poganiza kuti galu wosaona anthu ndiye amalusa bwino. Zimene Scott ndi Fuller anapeza zikusonyeza chimene chimatuluka m'kakhola kotero: galu wamantha, wosasiyanitsa wakuba ndi mwana wa mnansi.

Ndiye pali mwana uja amene sanathe ntchito. Bere limodzi limatulutsa ana asanu, asanu ndi awiri, nthawi zina kuposa, ndipo ngakhale makolo onse awiri akhale akatswiri, si onse amene adzatengere. Wina amaopa nkhosa. Wina amaluma kwambiri. Wina alibe nazo chidwi n'komwe, amangofuna kugona pamapazi a munthu. Kale m'mafamu a ku Britain ana otsala ankamizidwa m'madzi asanatsegule maso, ndipo galu wamkulu wolephera ankaomberedwa. Mbusa wosauka sankatha kudyetsa pakamwa posagwira ntchito. Umphawi umenewo ndi womveka, koma ganizo limene unasiya ndi loipa: lakuti mtengo wa galu ndi ntchito yake basi.

Maganizo amenewa anafika pachimake pa nkhondo ya ku Vietnam. Asilikali a America anagwiritsa ntchito agalu pafupifupi 4,000, onunkhiza misampha ndi adani obisala. Pochoka, agaluwo anawerengedwa ngati zida, ndipo amene anatuluka m'dzikomo anali pafupifupi 200 okha. Ena anaphedwa, ena anasiyidwa. Lamulo lolola kuti agalu ankhondo opuma ntchito azitengedwa ndi mabanja m'malo mophedwa linasainidwa mu 2000. Ameneyu ndi galu wa Kant uja, kuchulukitsa zikwi. Ndipo asilikali omwe ankawagwira chingwe, amene ambiri analimbana kwa zaka kuti agaluwo akumbukiridwe, sankadandaula za umunthu wawo wowonongeka. Ankanena kuti agaluwo analakwiridwa.

Iwowo ndi amene anaona bwino. Ngongoleyo ili kwa galu mwiniwake, ndipo ili kwa bere lonse. Chifukwa chake n'chapafupi: mwana wolephera uja sanabwere mwangozi. Anabadwa ndi chosankha chomwecho chimene chinabala katswiri. Woweta ankadziwa asanakweretse kuti mwa asanu ndi awiri ena sadzatha, ndipo anapitiriza. Sangalandire ulemu wa mmodzi n'kukana udindo wa enawo. Pa mfundo imeneyi chipembedzo chakale cha Zoroaster ku Persia chinapita patsogolo kuposa anthu ambiri amakono. Buku lake la malamulo, Vendidad, limati galu wamkazi wabere akakhala pafupi ndi nyumba kapena khola la munthu, munthuyo ali ndi udindo womusamala mpaka ataswa, ndi kulera anawo kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo akawanyalanyaza n'kufa ali ndi mlandu waukulu. Lamulolo silifunsa ngati anawo adzakhale alonda abwino. Ndipo likunena za galu amene anangobwera yekha. Nanga amene anachita kumukweretsa dala?

Miyambo 12:10 imayeza chilungamo cha munthu ndi mmene amasamalira moyo wa chiweto chake, ndipo Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992, pamene akulola kugwiritsa nyama ntchito, amati anthu ayenera kuzikomera mtima ndipo n'kulakwa kuzivutitsa kapena kuzipha popanda chifukwa. Mawu amenewa akatsikira m'khola amasanduka zinthu zooneka: kusakweretsa galu wamkazi nthawi iliyonse imene wayamba nyengo, kusakweretsa n'komwe ngati manyumba oyenera a ana onse sanapezeke, kukana ndalama za wogula amene alibe ntchito kapena nthawi yoti apatse galu wotere.

Alipo amene amachita zimenezi, ndipo asonyeza kuti n'zotheka. Masukulu a agalu otsogolera anthu osaona amadziwa kuti gawo lalikulu la ana omwe amaswetsa sadzamaliza maphunziro, choncho njira ya olepherawo amaikonzeratu: ena amapita ku ntchito zina monga kununkhiza kapena kuthandiza odwala, ena amabwerera ku mabanja omwe anawalera ali aang'ono, ndipo anthu ofuna kutenga otsalawo amadikira pamzere. Ku Namibia ogwira ntchito a Cheetah Conservation Fund amayendera agalu awo m'mafamu mobwerezabwereza, kuona ngati akudya, ngati alandira katemera, ngati akutsatadi mbuzi. Galu wozunzidwa amamulanda, ndipo amene ntchito yamukanika amamupezera pakhomo pena. Oweta ambiri a Border Collie ndi a mitundu ina yantchito amasainitsa wogula kalata yonena kuti galuyo akadzamukanika, kaya patapita mwezi kaya zaka khumi, asadzamugulitse kapena kumutaya, koma adzamubweze komwe anabadwira. Woweta wosainitsa kalata yotere amaswetsa mwa apo ndi apo, chifukwa amawerengera malo kumbuyo kwa nyumba yake, ndipo nthawi zambiri mumamupeza ali ndi agalu awiri kapena atatu okalamba kapena amantha omwe sadzamubweretsera ndalama iliyonse.